Funsani Anamwino: Za ku leba zimene alangizi amadumpha

Makalata a mwezi uno akuchita ngati munapangana. Pafupifupi onse akukamba za tsiku lochira, ndipo ambiri ayamba ndi pempho limodzimodzi: "Chonde musalembe dzina langa." Sindilemba. Ndinagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba zaka 31, zambiri mwa izo ku leba. Ana ena ndinawalandira ndi nyali ya koloboyi, ena ndi tochi ya pafoni nditailuma pakamwa. Inenso ndinachira kanayi, choncho bedi lija ndimalidziwa mbali zonse ziwiri, yoimirira ndi yogona.

Alangizi athu, a kumpingo ndi a kumudzi omwe, amayesetsa. Amakuuza kuti ukonze zitenje, beseni, pepala lakuda, lezala ndi ulusi. Amakuuza kuti ukalimbe mtima, usakatichititse manyazi. Koma akafika pakhomo pa leba amabwerera. Za m'katimo umakaziona wekha, kenaka n'kumazisunga mumtima zaka ndi zaka poganiza kuti zinagwera iwe basi.

"Ndinadziipitsira pabedi"

Funso: Anamwino, ndili ndi zaka 23. Pochira mwana wanga woyamba, ndili m'kati motchima, ndinachita chimbudzi pabedi pomwepo. M'chipindamo munali mnyamata wophunzira unamwino. Mpaka lero sindinauzepo munthu, ngakhale mayi anga. Pano ndili ndi pathupi pa miyezi 7, ndipo ndaganiza kuti masiku akadzayandikira ndidzasiye kudya, kapena ndidzamwe mankhwala otsegula m'mimba kuti ndikapite muli moyera. Kodi ndili ndi vuto lanji?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Mwana wanga, vuto ulibe. Ukadzapitanso ku leba udzayang'ane pa kathebulo kamene azamba amaika chakumiyendo kwako. Thonje ndi tinsalu tambirimbiri tija si ta magazi okha ayi. Timakonzeratu chifukwa timadziwa kuti zibwera.

Njira imene mwana amadzera inagundana ndi thumbo lomalizira la chimbudzi. Pakati pake pali kakhoma kopyapyala basi. Mutu wa mwana ukamatsika umalipsinja thumbolo kuchokera kumtunda kupita kumunsi, monga mmene timafinyira chubu cha mankhwala otsukira mano chikatsala pang'ono kutha. Chimene chinali m'menemo chimatuluka, ufune usafune. Komanso minofu imene umatchimira mwana ndi yomweyo umagwiritsa ntchito kuchimbudzi. N'chifukwa chake mayi amene matenda amugwira kwa maola angapo akakuwa kuti, "Anesi, ndikufuna kuchimbudzi!" ife sitimulozera chimbudzi, timathamangira magolovesi. Nthawi zambiri amene akugogodayo ndi mwana. Alipo ana awiri amene ndinachita kuwawakha pakhomo pa chimbudzi chifukwa amayi awo anazemba osandiuza.

Usiku wina ndinali ndi mayi wina mphunzitsi, waukhondo woti ngakhale zitenje zoyala pabedi anabwera nazo zosita. Njira inali itatseguka yonse, tsitsi la mwana likuoneka, koma akati atchime mphamvu yonse inkathera pakhosi. Nkhope kufufuma, mitsempha ya m'khosi kuima, kumunsi zii. Kamutu kaoneka, kabwerera. Patapita nthawi ndithu ndinazindikira kuti akuchita dala, akumanga kumbuyo. Ndinatuma wophunzira amene ndinali naye kuti akatenge madzi, ndinawerama n'kuwanong'oneza kuti, "Aphunzitsi, chimene mukuopacho chitani. Inenso ndinachita pa mwana wanga woyamba, pamaso pa asisitala amene anandiphunzitsa ntchito." Anandiyang'ana, anaseka pang'ono misozi ili m'masaya, kenaka anatchima zenizeni. Ndinapukuta, ndinakulunga, ndinataya mu ndowa. Mphindi 10 zisanathe mnyamata anali pachifuwa pawo akulira.

Pamene ndinkayamba ntchito tinkapopa amayi madzi a sopo kumbuyo kuti m'mimba mutsukike, tinkawametanso kumunsi. Zonse ziwirizi zinasiyidwa. Zinkangowazunza amayi, matenda sizinkafupikitsa, mwana sizinkamuteteza ku chilichonse, ndipo malangizo a 2018 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amanena poyera kuti zisamachitike. Malangizo omwewo amati mayi amene alibe chovuta china azidya ndi kumwa matenda ali m'kati. Ndiye za kusala kudyazo usiye. Kuchira ndi ntchito yoposa kulima ndime. Unaona ndani akupita kumunda m'mimba muli pululu? Udzamwe phala, tiyi wa shuga, thobwa, udzadye nthochi, pokhapokha azamba atakuletsa chifukwa choti mwina upita ku fiyeta. Mankhwala otsegula m'mimba usawayandikire n'komwe. Adzakutha madzi m'thupi, ndipo chimene ukuthawacho chidzabwera chamadzimadzi.

Za mnyamata wophunzirayo, nkhope yako anaiiwala sabata yomweyo. Maso ake anali pa mutu wa mwana, mtima uli phaphapha kuopa kulakwitsa. Koma uli ndi ufulu wonena kuti sukufuna wophunzira m'chipindamo. Ndipo namwino amene angakukalipire chifukwa cha chimbudzi, wolakwa ndi iyeyo. Alipo otere, sindikana, ena ndinagwira nawo ntchito.

"Akazi anga ananditukwana"

Funso: Anamwino, akazi anga ndi munthu wofatsa, wokonda mapemphero. Kuchipatala anandilola kulowa pamene ankachira. Chakumapeto anasanza, anayamba kunditukwana, anati ndisadzawakhudzenso moyo wanga wonse, kenaka anati akufa. Mwana atabadwa anayamba kunjenjemera mpaka bedi kumalira, mabulangete awiri osathandiza. Anamwino ankangoti zitha. Achemwali anga akuti mwina ndi mizimu kapena malungo aakulu. Tipite nawo kumapemphero?
Bambo wa ku Kasungu

Yankho: Bambo, kumapemphero pitani, mukathokoze. Koma mizimu musainamizire.

Khomo la chiberekero limayenera kutseguka mpaka masentimita 10 kuti mwana adutse. Chigawo chowawitsa ndi chomalizira, kuchoka pa 8 kufika pa 10. Ululu umabwera motsatizana, wina usanathe bwino wina wafika, mayi osapeza mpata wokoka mpweya. M'mimba mumakhala mutasiya kugaya chakudya, ndiye kusanzako. Miyendo imagwedezeka, thukuta kamukamu. Ndipo pakamwa pamamasuka. Ndamvapo amayi abusa akutchula mawu amene sindinkaganiza kuti amawadziwa. Ndamvapo "Ndikufa ine!", "Ingondichitani opaleshoni!", "Amayi, bwerani mudzanditenge!" Wina anatsika pabedi, analonga zitenje zake mu beseni, nasenza, akuti, "Ine ndapita kwathu, ndidzabwera mawa." Nditamunyengerera n'kumuyeza, anali pa 9. Mzamba wozolowera akamva mawu oterewa mtima umakhala pansi, amadziwa kuti tayandikira. Zimene anakuuzani zija musazisunge. Mwina zambiri sakuzikumbukira, ndipo ngati akukumbukira, manyazi awo aposa mkwiyo wanu.

Kunjenjemera pambuyo pochira kumachitikira amayi ambiri. Thupi langogwira ntchito yoopsa, lataya madzi ndi magazi ofunda, lakhala pamtunda kwa maola angapo. Mano amagundana ngati munthu wagona panja ku Dedza mwezi wa June. Kumayamba patangopita mphindi zochepa, ndipo kawirikawiri ola lisanathe kwatha. Ngati anawapatsa timapiritsi toletsa kutaya magazi totchedwa misoprostol, timeneto timanjenjemeretsanso kwambiri, mwina mpaka thupi kutentha kwa kanthawi. Chofunika ndi bulangete, tiyi wotentha, ndi mwana pachifuwa.

Chimene ndikufuna mudziwe, inu ndi achemwali anuwo, ndi kusiyana kwa kunjenjemera ndi kukomoka. Wonjenjemera amakuonani, mukamuitana amayankha, amadandaula kuti akuzizidwa. Wokomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi sayankha: maso amatembenuzika, thupi limauma n'kumagwedezeka ngati wakhunyu, mwina kudziluma lilime. Nthawi zambiri amayamba wadandaula mutu waukulu, kusaona bwino, kupweteka m'munsi mwa nthiti, nkhope ndi manja zitatupa. Zimatha kuchitika ngakhale mayi atatuluka kale m'chipatala. Ameneyo thamangirani naye kuchipatala, mapemphero muzichitira m'galimoto. Chimodzimodzi kuzizidwa kobwera patapita tsiku kapena masiku, thupi litatentha, kumunsi kukutuluka zonunkha. Kumeneko si kutopa ayi.

"Akuti ndi mapinga"

Funso: Anamwino, mng'ono wanga anadwala masiku awiri asanachire, mimba yoyamba. Tinafika kuchipatala Lachiwiri madzulo, anatibweza ku chidikiro kuti njira sinatseguke. Usiku wachiwiri azakhali a mwamuna wake anayamba kumupanikiza kuti aulule amuna amene anayenda nawo, akuti ndi mapinga. Anamumwetsanso mwanamphepo, mankhwala azitsamba ofulumizitsa kuchira, amene anabwera naye m'botolo ngati tiyi. Anachira bwino Lachinayi m'mawa, koma mpaka pano kuchimuna akumunena kuti ndi woyendayenda. Kodi kudwala masiku awiri zimachitika?
Mayi wa ku Ntchisi

Yankho: Kalata iyi ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse mtima umandiwira.

Ndiyambe ndi funso lanu. Inde, pa uchembere woyamba zimachitika. Matenda ali ndi chiyambi chozengereza, pamene khomo la chiberekero likufewa, kufupika ndi kutseguka pang'onopang'ono mpaka masentimita 5. Chigawo chimenechi chilibe wotchi. Wina chimamutengera maola ochepa, wina tsiku lathunthu kapena kuposa, ululu ukubwera n'kumasiya, tulo osatiwona. Amene anakubwezani ku chidikiro sanakunyozeni, anaona kuti nthawi sinakwane. Kuyambira pa 5 m'pamene timawerenga maola mosamala: pa mimba yoyamba, kuchoka pamenepo kufika pa 10 nthawi zambiri sipadutsa maola 12, pa mimba zotsatira maola 10. Kutchima kwenikweniko kumatha kutenga mpaka maola atatu kwa woyamba. Ndipo mwana akabwera nkhope ikuyang'ana kumimba kwa mayi m'malo mwa kumsana, matenda amachedwerapo, ululu wonse n'kuthera kumsana, mayi n'kumati msana ukuthyoka. Ana ambiri otero amatembenuka okha. Mayiyo timamuuza ayendeyende, agwade kapena agonere m'mbali, chifukwa kugona chagada kumangowonjezera ululu.

Pepala lija mumaona azamba akulembapo timitanda ndi timadontho limatchedwa partograph. Mizere yake yochenjeza anaiyambitsa akatswiri awiri, Philpott ndi Castle, mu 1972 kwa anzathu ku Zimbabwe, dzikolo likutchedwabe Rhodesia, pofuna kuti azamba a m'zipatala zing'onozing'ono azidziwa nthawi yotumiza mayi kuchipatala chachikulu zinthu zisanaipe. Timalembapo kutseguka kwa njira, kutsika kwa mutu, ndi kugunda kwa mtima wa mwana. Ndilo limatiuza ngati kuchedwako kuli kwachibadwa kapena mwana wakakamira. Azakhali alibe pepala limeneli.

Tsopano za mapinga. M'zaka 31 sindinaonepo khomo la chiberekero likutseguka chifukwa mayi watchula dzina la mwamuna. Chimene ndaona ndi atsikana akutchula maina a anthu osalakwa, mpaka a aphunzitsi awo, kungofuna kuti awasiye apume. Ndaona mabanja akutha chifukwa cha maina otchulidwa usiku umenewo. Mwana amachedwa chifukwa cha mphamvu ya chiberekero, kukula ndi kagonedwe kake, ndi kukula kwa mafupa a m'chiuno mwa mayi. Mtsikana wa zaka 15 amene chiuno chake sichinakhwime akhoza kuvutika ngakhale atakhala wokhulupirika chotani. Ndipo mwana akakakamira zenizeni, akuluakulu ali pamphasa kuzenga mlandu, mutu wake umakhala ukupsinja chikhodzodzo pa fupa. Pakapita nthawi yaitali mnofu wa pamenepo umafa, pamabooka, mayi n'kuyamba kudontha mkodzo usana ndi usiku. Ndiyo fistula ija amakasoka ku Bwaila ku Lilongwe. Ambiri mwa amayi amenewo mwananso amakhala atamutaya.

Mwanamphepo ndiye ndimamuopa koposa. Amagwiradi ntchito, ndipo vuto lake ndi limenelo. Chiberekero chimafunika kufinya n'kupuma, kufinya n'kupuma, chifukwa mwana amalandira mpweya wokwanira pa nthawi yopumayo. Mankhwala amenewa alibe muyeso, amatha kuchifinyitsa osapumira. Mwana amabanika n'kuchita chimbudzi m'mimba, madzi n'kutuluka obiriwira, ndipo ngati mwanayo sangathe kudutsa, chiberekero chimang'ambika. Ndinaperekezapo mayi wotero pa ambulansi usiku, msewu wafumbi, ine nditanyamula botolo la dilipi m'mwamba mpaka mkono kuuma. Gadiyani wake anaulula za mankhwalawo tikulowa pageti. Mng'ono wanu anachita mwayi. Ulendo wina gadiyani mudzakhale ndinu, ndipo chilichonse chimene angamwe chizidutsa m'manja mwanu. Ngati wamwa kale, uzani azamba pomwepo. Mwina adzakalipa, koma adzadziwa choyang'anira.

Akuchimunawo mukawawerengere yankho lino mokweza, azakhaliwo alipo.

"Mchombo unali m'khosi"

Funso: Ine nsupa sinasweke mpaka anamwino anachita kuiboola, pomwe mnzanga inasweka ali pamsika matenda asanayambe. Anandiuzanso kuti mwana anabadwa chingwe cha mchombo chili m'khosi. Apongozi anga akuti ndi chifukwa ndinkavala mkanda ndili woyembekezera.
Mayi wa ku Balaka

Yankho: Mkanda wanu ulibe mlandu, amayi. Mwana amasambira ndi kutembenuka m'madzi miyezi yonse ija, chingwe chake n'chachitali pafupifupi theka la mita, ndiye kuti chimuzinge n'chapafupi. Mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu alionse amabadwa chonchi. Mutu ukangotuluka timapisa chala m'khosi, tikachipeza timachivula ngati mkanda womwewo. Kumbukirani kuti mwana ali m'mimba sapumira pakhosi, mpweya umamupeza kudzera m'chingwemo.

Nsupa nayo ilibe lamulo. Amayi ambiri imasweka matenda ali m'kati, ena mpaka potchima, ndipo mwa apo ndi apo mwana amatuluka ali m'thumba lake lomwe ngati nsomba m'jumbo ya madzi. Zosweka matenda asanayambe, ngati za mnzanuyo, zimachitikira mayi mmodzi mwa 10 kapena kucheperapo. Nthawi zina madziwo sakhuthuka ngati ndowa yagwa, amangodontha, mayi n'kumayesa mkodzo ukumupulumuka. Akangotuluka pitani kuchipatala ngakhale simukumva kuwawa, chifukwa tizilombo tapeza polowera. Muyang'ane mtundu wake kuti mukatiuze. Obiriwira, akhofi, onunkha kapena amagazi, musadikire kuti kuche. Ngati chingwe chatsogola kutuluka, gwadani, chifuwa pansi matako m'mwamba, akunyamuleni choncho.

"Anandibaya osandiuza"

Funso: Nditangochira mwana wanga wachinayi, anamwino anandibaya jakisoni pantchafu osandiuza kanthu, kenaka anandikanya pamimba mpaka ndinakuwa. Anzanga ku chidikiro ankanena kuti amabaya wa kulera mobisa ukakhala ndi ana ambiri. Komanso cham'mimba chinandipweteka kuposa pa ana atatu oyamba aja, makamaka poyamwitsa. Kodi anandiwononga?
Mayi wa ku Mangochi

Yankho: Sanakuwonongeni, amayi, anakutetezani. Koma analakwa posakuuzani. Mphekesera ngati imeneyi timaibereka tokha anamwino ndi kusalankhula kwathu.

Jakisoni ameneyo ndi oxytocin. Timabaya mayi aliyense mwana akangobadwa, wa chisamba ndi wa ana 8 yemwe. Alangizi ambiri amaiwala kunena kuti mwana akatuluka ntchito sinathe. Kwatsala nsengwa, chiwalo chofiirira chonga chiwindi chimene mwana ankadyera, cholemera pafupifupi theka la kilogalamu, kukula ngati mbale ya nsima. Nthawi zambiri imatuluka pasanathe mphindi 30. Ikamatuka imasiya bala lalikulu chimodzimodzi m'kati mwa chiberekero, mitsempha ya magazi ili yotseguka. Balalo sitingalisoke kapena kulimanga bandeji. Chimene chimatseka mitsemphayo ndi chiberekero chenicho chikafinyika n'kulimba ngati chibakera. Jakisoniyo, ndi kukanya pamimba kuja, ntchito yake ndi imeneyo. Ndipo ana akamachuluka m'pamene timasamala kwambiri, chifukwa chiberekero chimayamba ulesi. Jakisoni wa kulera wa miyezi itatu ndi wina, ndipo palibe amene ayenera kukubayani musanavomere. Ulendo wina mudzafunse, "Anesi, ameneyu ndi wa chiyani?"

Kutaya magazi mpaka theka la lita, ngati botolo laling'ono la madzi ogula lija, n'kwachibadwa. Pa pepala lakuda amaoneka ambiri chifukwa asakanikirana ndi madzi. Amapitirira kutuluka pang'onopang'ono mpaka milungu 6, kuyamba ofiira, kenaka akhofi, kumalizira otuwa. Mukadzuka pabedi koyamba amatha kukhuthuka, mwina ndi timibulu. Anali atadikha m'kati. Koma chitenje chikamanyowa chonse ola lisanathe, mibulu ikamatuluka ikuluikulu, mukamamva chizungulire, itanani mokuwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Apa kupirira kumene alangizi amatiphunzitsa kumapha. Mayi wofuula sandiopsa ine. Amene ndimamuopa ndi wa bedi la pakona uja wangoti phee, wafunda chitenje mpaka kumutu, safuna kuvutitsa anesi.

Cham'mimba ndi chiberekero chikubwerera m'malo mwake. Pochira chimakhala cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi, pofika milungu 6 chatsala kanthu kosakwana magalamu 100. Mwana akamayamwa thupi lanu limatulutsa oxytocin wakewake, ndiye ululu umabwera pomwe wangogwira bere. Chimawawa kwambiri ana akamachuluka. Pa wanga wachinayi ndinkaluma chitenje. Chimachepa pakapita masiku awiri kapena atatu. Muzikodza pafupipafupi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kulimba, mumwe Panado, ndipo musasiye kuyamwitsa. Pothowa, agogo aziyamba ayesa madziwo pa mkono wawo. Ndamangapo zilonda zamoto pa mimba za amayi.

"Chithunzi cha pa WhatsApp"

Funso: Anamwino, ine ndili ku Johannesburg, ndinachoka kumudzi madamu ali ndi pathupi pa miyezi itatu. Anditumizira chithunzi cha mwana pa WhatsApp atangobadwa. Mwanayo ndi woyera kwambiri pomwe tonse awiri ndife akuda, mutu wautali ngati papaya, maso otupa. Anzanga kuno akundiseka. Mayi anga akuti mabere a mwanayo atupa ndipo akufuna kuwafinya, akutinso pa thewera panaoneka magazi pomwe ndi wamkazi wa masiku anayi. Ndiganize chiyani?
Bambo wa ku Dedza, okhala ku Johannesburg

Yankho: Achimwene, muganize zotumiza ndalama ya sopo ndi matewera. Anzanuwo sanaonepo mwana wa ola limodzi. Amene amawaona pa Facebook ndi a milungu itatu, osambitsidwa, odzozedwa mafuta, ovekedwa chipewa.

Ana athu ambiri amabadwa oyererako, ena ofiira, ena otuwa. Khungu limadera pang'onopang'ono m'milungu ndi miyezi yoyambirira. Agogo amayang'ana m'mphepete mwa makutu ndi pa zala pafupi ndi zikhadabo kuti aone mtundu umene ukubwera, ndipo pamenepa ine sinditsutsana nawo. Mutu wa papayawo ndiwo unamupulumutsa. Mafupa a chigaza cha khanda sanalumikizane, ndiye podutsa m'chiuno amakwerana m'mphepete ngati malata a denga kuti mutu uchepe. Pamene panatsogola pamathanso kukhala chotupa chofewa. M'masiku ochepa mutu umabwerera wokha, sufunika kuumbidwa ndi manja kapena kuthowedwa. Liwombo lidzatseka lokha, nthawi zambiri akamakwanitsa chaka ndi theka. Zoyera zonga mafuta oundana zimene mwina munaziona m'khosi ndi m'khwapa zimateteza khungu. Masiku ano timangomupukuta, kusamba kumadikira maola 24. Chimbudzi chake choyamba ndi chakuda, chomata ngati phula la pamsewu. Pamatako kapena kumsana mukadzaona zigamba zakuda mobiriwira ngati wamenyedwa, musadzaimbe foni yokalipira munthu. Anabadwa nazo, zimazimirira akamakula.

Koma lero lomwe imbirani mayi anu, muwauze mwaulemu kuti mabere a mwanayo asawafinye. Atupa chifukwa cha mahomoni a mayi ake, timichere toyendetsa ntchito za thupi, amene anatsalira m'thupi mwake. Zimachitikira ana aamuna omwe, ndipo mwina timkaka timatuluka. Amaphwa okha m'milungu ingapo. Kufinya ndiko kumalowetsa tizilombo, bere n'kuchita chithupsa, khanda la milungu iwiri n'kukang'ambidwa kuchipatala. Timadontho ta magazi ta pa thewera tija chifukwa chake n'chomwecho: mahomoni a mayi akutha m'thupi la mwana wamkazi, ndiye amachita ngati kamsambo kakang'ono kwa masiku ochepa. Zothamangira nazo kuchipatala ndi mwana akakana kuyamwa, akatentha thupi kapena kuzizira, akamapuma mothamanga, akachita chikasu tsiku loyamba lomwe kapena chikasucho chikafika m'zikhatho ndi kumapazi, pamchombo pakafiira n'kumatuluka mafinya, kapena magaziwo akachuluka. Pamchombopo asaikepo phulusa kapena mankhwala akumudzi.

Pakatha mwezi muwauze akutumizireni chithunzi china. Mudzandilembere mundiuze kuti mphuno ndi ya ndani.

"Ndikungolira"

Funso: Ndachira sabata yatha. Mwana ali bwino, bambo ake akusangalala, koma tsiku lachitatu ndinangoyamba kulira popanda chifukwa. Usiku ndikumatuluka thukuta mpaka kunyowetsa zofunda. Ndikuopa kuuza anthu, angati sindikuyamika.
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho: Tsiku lachitatu timalidziwa, mwana wanga. Ndi nthawi imene mkaka umabwera wambiri, mabere n'kulimba ngati miyala, ndipo misozi imabwera nawo limodzi. Nsengwa ija inkatulutsa mahomoni ochuluka. Itachoka anatsika mwadzidzidzi, kuwonjezera kusagona ndi alendo osatha m'chikuta. Ine ndinalirira ndiwo. Apongozi anandiphera nkhuku pomwe mtima wanga unkafuna usipa, ndinalira ngati pagwa maliro, iwo n'kumangondiyang'ana chipande chili m'manja. Thukuta la usiku ndi thupi likutaya madzi amene linasunga uli woyembekezera. Uwonanso kuti ukukodza kawirikawiri. Pakatha miyezi itatu tsitsi lidzayamba kutsalira pa chipeso, usadzati wina wakulodza.

Kulira kotereku kumatha pasanathe milungu iwiri. Uza munthu mmodzi, mayi ako kapena mchemwali wako, azikutengera mwana maola awiri masana kuti ugone. Koma milungu iwiri ikadutsa mtima ukadali wolemera, chakudya osachifuna, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, mwanayo osakusangalatsa, amenewo ndi matenda, ali ndi chithandizo, usadikire sikelo ya milungu 6. Maganizo odzipweteka kapena opweteka mwana akakufikira, ngakhale milungu iwiriyo isanakwane, pita tsiku lomwelo. Ukawauze anamwino mawu omwe wandilembera inewa. Pakamwa pakakalemera, tenga magazini ino ukawalozere ndi chala.